Manda a Kakuyu pa Chithunzi cha M'ndege

Chithunzi chimatsika pang'onopang'ono, mzere pa mzere, ngati nsalu imene wina akuifunyulula kuchokera kudenga. Poyamba pamangooneka mbuu. Kenaka mbuuyo amagawikana: apa bii, apo mbee, apa bii, apo mbee, mpaka dziko lonse litayalika pagalasi la kompyuta, lopanda mtundu, lopanda phokoso, lopanda mphepo. Mitsinje ili bii. Minda ili mbee. Njira za anthu zili mbee, zopyapyala, zopotanapotana, ngati ulusi umene telala wautaya pansi pa makina ake. Ndipo ine ndakhala pampando wathabwa, msana uli njo, manja ali pamawondo, kuyang'ana dziko la kwathu kuchokera kumene amaliyang'anira kabawi.

Kuno ndi ku laibulale ya paboma la Mchinji, ndipo mwezi ndi wa Okutobala. Kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Fumbi limalowera pamazenera, limalowera pansi pa chitseko, limalowa ngakhale pamene palibe polowera, n'kukagona pamabuku, n'kukagona pamashelefu, n'kukagona pandevu za Bambo Chimphepo, woyang'anira laibulaleyi, amene akamaweruka amafunditsa makompyuta ake atatu zitenje ngati ana ogona. Mwa makompyuta atatuwo, imodzi yokha ndiyo imagwira bwino intaneti. Munthu aliyense amapatsidwa ola limodzi patsiku. Olalo likatha, Bambo Chimphepo amagogoda patebulo katatu ndi cholembera, osatulutsa mawu, ndipo munthu amadzuka.

Dzina langa ndine Chifuniro. Ndinamaliza maphunziro a mbiri yakale ku yunivesite chaka chino, ndipo ndinakhoza bwino kuposa anzanga ambiri. Sindikunena izi modzitama. Ndikuzinena chifukwa ndi zoona, ndiponso chifukwa wolemba mbiri ayenera kuyamba wanena kuti iye ndani. Kumeneko ndinaphunzira kuti zimene munthu amakumbukira zimasuluka ngati chitenje chochapidwa kawirikawiri, koma pepala silisintha mawu. Ndinaphunzira kuti umboni uli ndi tsiku, uli ndi nambala, uli ndi malo ake osungidwira. Ndinabwerera kwathu mfundo zimenezi zitandandalika bwino m'mutu mwanga, ndipo ndinapeza zikhomo zopakidwa penti wofiira zitakhomedwa m'munda wakale wa fodya.

Nkhani ya zikhomozo ndi iyi. Makolo athu ankakhala m'mudzi wa Kakuyu, m'mbali mwa kamtsinje ka dzina lomwelo. Mu 1974 mudziwo unasamutsidwa kuti malowo akhale esiteti ya fodya. Nyumba zinagwetsedwa, zitseko ndi mitondo zinakwera pangolo, koma manda anatsala, pakuti manda sanyamulika. Patapita zaka mitengo ya kumandako inadulidwa n'kukawotchera fodya. Mitumbira inalimidwa, inasalala, inasowa. Esitetiyo nayo inatsekedwa kalekale. Chatsala ndi chidikha chofiira psuu, chopanda mtengo, chopanda chitsa, chopanda chizindikiro chilichonse. Tsopano pamenepo pakudutsa msewu watsopano, ndipo zikhomozo zikusonyeza mmene udzadutsire.

Amayi aakulu, aNankhoma, amene ndi akulu awo a amayi anga, anakaima pakati pa chikhomo cha nambala 41 ndi cha nambala 42, n'kunena kuti amayi awo, agogo anga, agona pomwepo. Ena anawaseka. Ena anati manda anali kumunsi, cha kumtsinje. Amayi anga ondibereka sanathandize kanthu, chifukwa anachoka ku Kakuyu ali ndi zaka zisanu zokha. Injiniya wa msewuwo, Bambo Kanyumbu, munthu waulemu wake, anati sangakhotetse msewu chifukwa cha mawu a munthu mmodzi: umboni ubwere pofika Lachinayi, apo ayi katapila alowa Lolemba lotsatira.

"Si uli ndi digiri ya zakale iwe?" anatero aNankhoma, akusanja tomato pabenchi lawo la pamsika. "Zakale zake ndi zimenezi. Pita ukawapeze agogo ako."

Tsikulo linali Lachisanu. Kuchotsapo Lamulungu, ndinali ndi masiku asanu, ndiye kuti maola asanu a kompyuta. Kutsidya kwa nyanja zamchere kuli laibulale ina imene inasunga mapepala a dziko lino a nthawi ya atsamunda, ndipo masiku ano inawajambula n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense aziwaona. Ku yunivesite nkhokwe imeneyi ndinangoisuzumira pakhomo. Tsopano ndinalemba dzina lakale la boma lathu, Fort Manning, ndipo chitseko chinatseguka chonse. Ndivomere pano, pakuti wolemba mbiri sabisa: ola loyamba ndinalitaya lonse, ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono.

Ndikanadandaula bwanji? Munali mapu ojambulidwa pamanja, a mizere yopyapyala ngati tsitsi, momwe mapiri athu anatchulidwa mayina amene agogo okha ndiwo angawazindikire. Munali makalata a mabwanamkubwa, inki yake itafiira ndi ukalamba, odandaula za dzombe, za milatho yokokoloka, za anthu othawa thangata. Munali nyuzipepala za m'chinenero chathu chomwechi, zolengeza maukwati a anthu amene zidzukulu zawo lero zili ndi imvi. Ndinkatsegula tsamba, tsambalo n'kunditsegulira lina, linalo n'kunditsegulira ena khumi, monga imachitira njira ya kudambo, imene imabala tinjira, tinjirato n'kubala tina.

Ndiyeno zithunzi. Taonani amuna ali pamzere ndi timasutikesi tawo, kudikira galimoto ya ku Joni, zipewa zili pendeke, nsapato zili m'manja kuti zisathe msanga. Taonani akazi a m'chaka cha njala cha 1949, malichero opanda kanthu ali pamutu, maso ali gwa pa wojambulayo, ngati akumufunsa ngati chithunzi chimadyeka. Taonani sitima ya pamtunda ikuwoloka mlatho, utsi uli tolo, anthu atasuzumira pamazenera. Taonani khamu lokana chitaganya, zikwangwani zili m'mwamba, pakamwa pali yasa, nyimbo imene ankaimba itatsekeredwa m'pepala mpaka lero. Taonani ana a sukulu a mu 1964, timbendera tatsopano tili m'manja, mapazi ali mbuu. Pansi pa zithunzi zambiri palibe mayina a anthu athu. Mzungu aliyense ali ndi dzina, ali ndi udindo, nthawi zina ngakhale galu wake ali ndi dzina. Athuwa anangolembedwa kuti anthu a kuno. Koma nkhope zawo ndinkazidziwa. Chipumi ichi ndinachiona dzulo pachigayo. Mpata wa mano uwu umagulitsa makala pafupi ndi depoti. Kaimidwe aka, phewa limodzi lili m'mwamba, ndi ka msuweni wanga weniweni.

Ndinasiya mbewa ya kompyuta n'kungoyang'ana. Dziko limene ndinaliloweza pamtima chifukwa cha mayeso, la zaka ndi mayina a mapangano, linali pamaso panga likupuma, likutuluka thukuta, likutsinzinira dzuwa. Bambo Chimphepo anagogoda katatu. Ndinatuluka ngati munthu wochokera pansi pa madzi.

Popita kunyumba tsiku limenelo, boma lathu linali pawiri. Pansi pa sitolo ya simenti ndinkaona sitolo yadothi. Pansi pa tala ndinkaona njira ya amtengatenga. Pansi pa phokoso la njinga zamoto ndinkamva mapazi, mapazi, mapazi. Fumbi lomwelo limene ndinkalinyansidwa nalo m'mawa linandikomera, chifukwa ndinazindikira kuti linapondedwapo kale ndi anthu a m'zithunzi aja. Ndinkafuna kuimitsa aliyense wodutsa n'kumuuza kuti agogo ake ali m'kompyuta ya Bambo Chimphepo. Sindinatero, pakuti si khalidwe langa kuimitsa anthu pamsewu.

Loweruka magetsi anazima nditangokhala pansi, ndipo ola lachiwiri linathera poyang'ana galasi lili bii, nkhope yanga yokha ikundiyang'ana mmenemo. Pamenepo ndi pamene mantha anandilowa. Maola anatsala atatu, ndipo agogo anga ndinali ndisanayambe n'komwe kuwafuna.

Lolemba ndinadziletsa. Ndinadutsa mapu osawayang'ana, ndinadutsa nyuzipepala osaziwerenga, ndipo pansi penipeni pa nkhokweyo ndinapeza chimene ndinkafuna. Mu Julaye 1962 ndege inauluka pamwamba pa dera lathu, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, ngati munthu wopanga mizere m'munda, ikujambula pansi kuti akatswiri akakonzere mapu. Chithunzi chilichonse chinali ndi nambala. Ndinatsata kamtsinje ka Kakuyu kuchokera kumene kamathira, chithunzi ndi chithunzi, khota ndi khota, mpaka pa nambala 117. Chinatsika mzere pa mzere, ndipo pakati pake panali mudzi umene ndinkangoumva m'nkhani: nyumba makumi awiri ndi zitatu, ndinaziwerenga kawiri, nkhokwe zili mbwee ngati mikanda yotayika, makola awiri a ng'ombe, bwalo loyera mbee. Mudzi wosamutsidwa, mudzi wogwetsedwa, mudzi wolimidwa, unali chikhalire padzuwa la m'mawa, mithunzi ya madenga ake italoza kumadzulo.

Ndinaseka ndekha mokweza. Anthu owerenga nyuzipepala anacheuka. Ndinapepesa.

Pachithunzipo panali malo awiri akuda. Ena anali kumunsi, pafupi ndi mtsinje: msitu waukulu, wothithikana, wakuda bii. Ena anali kumtunda: kadontho chabe, ngati inki yodontha pacholembera. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti manda ndi msitu, pakuti kumanda nkhwangwa siiloledwa. Minda imadya tchire lonse, koma mitengo ya kumanda imatsala ili njo. Ineyo ndinalembapo nkhani ya masamba khumi ndi awiri pa mfundo imeneyi m'chaka chachitatu, ndipo mphunzitsi anaiyamikira. Choncho sindinakayike. Msitu waukulu ndiwo manda. Kadonthoko ndi timitengo ta pachulu, totsala chifukwa khasu silikwera pachulu.

Lachiwiri ndinasindikiza chithunzicho papepala n'kutenga rula. Ndinasankha zizindikiro ziwiri zosasuntha: pamene mtsinje umapinda ngati chigongono, ndi thanthwe lalikulu limene lilipo mpaka lero. Ndinayerekeza ndi pulani ya msewu imene Bambo Kanyumbu anatipatsa. Ndinayeza katatu, ndipo katatu konse yankho linali limodzi: msitu waukulu unali mamita mazana asanu ndi limodzi kuchokera pamzere wa zikhomo. Kadontho kaja kanagwera pakati pa 41 ndi 42, koma ndinali nditakaweruza kale kuti ndi chulu. Ndinalemba lipoti la masamba awiri, ndime iliyonse ili ndi nambala yake, lonena kuti manda a Kakuyu sali mumsewu ndipo ntchito ikhoza kupitirira. Linali lipoti lokongola. Ndinalinyamula kupita nalo kumsika ngati munthu wonyamula mazira, ndili wokondwa, pakuti ndinkaona kuti ndapulumutsa agogo anga ndi rula.

"Amayi, nkhani ndi yabwino," ndinatero. "Agogo sali mumsewu. Ali kumunsi, mamita mazana asanu ndi limodzi kuchokera pazikhomo."

ANankhoma sanaleke kuwaza madzi patomato wawo. "Anasamuka liti?"

"Sanasamuke, amayi. Chithunzi chikusonyeza kuti kuyambira kale..."

"Chithunzicho chinalipo pamaliro?" Anandiyang'ana, madzi akudontha kuzala. "Ine ndinalipo, amayi akowo ali kumsana kwanga kuno. Pepala lakolo usalipereke kwa munthu. Mawa ndikachione ndekha chithunzi chakocho, a Digiri. Mwina chikandiuza pamene ndinalirira."

Lachitatu anafika atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, tomato atasiyira mnzawo wa benchi loyandikana. Pakhomo la laibulale anawerama kuti avule patapata.

"Lowani nazo, mayi," anatero Bambo Chimphepo. "Fumbi la muno ndi la kunja ndi pachibale."

Anakhala kumphepete kwa mpando, manja atapinda pamimba, ngati munthu amene wabwera kudzamva mlandu. Ili linali ola langa lomaliza. Ndinatsegula nambala 117, ndipo tinadikira awirife pamene dziko linkatsika. Litatha kutsika, iwo anasendera pafupi ndi galasi. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko, kenaka anandiuza kuti ndilitembenuze, mtsinje ukhale kudzanja lamanzere, monga unkakhalira munthu akamatuluka m'nyumba. Ndinatembenuza, ngakhale kuti mapu onse a padziko amafuna kumpoto kukhale kumwamba. Pomwepo mpweya wawo unasintha. Chala chawo, chokhakhala, cha fungo la masamba a tomato, chinakwera pang'onopang'ono n'kukagwira galasi.

Ili ndi bwalo. Ili ndi khola la a Zefaniya. Iyi ndi nyumba ya mai wina amene ankaphika mowa wowawasa. Ankatchula, ndipo timadontho tinkasanduka makomo. Ankatchula, ndipo m'makomomo munkatuluka anthu. Chalacho chinayenda, chinayenda, n'kuima padenga lina laling'ono lokhala ndi nkhokwe ziwiri kumbuyo kwake. Iyi inali nyumba ya amayi awo. Ine ndinawerengera mumtima: Julaye 1962. Agogo anamwalira mu 1970. Ndiye kuti m'mawa umenewo anali moyo, anali pansi pa dengalo kapena pambali pake, mwina akupeta, mwina akukalipira nkhuku, mwina ataphimba maso ndi dzanja kuyang'ana chinthu chaphokoso chodutsa kumwamba. Munthu amene sindinaonepo nkhope yake, amene sanajambulitsepo chithunzi moyo wake wonse, anali mmenemo, wochepa kuposa kambewu ka fodya.

Ndinatsokomola, n'kuwalozera msitu waukulu uja, n'kuyamba kufotokoza mfundo ya nkhwangwa.

"Kuza pamenepo," anatero. Ndinakuza. "Werenga njira. Si umadziwa kuwerenga?"

Ndinawerenga. Zinali zisanu ndi ziwiri, zopyapyala, zoyera mbee, zochokera mbali zonse. Zinkalowa mumsitumo kumtunda n'kutulukira kumunsi. Zinkalowa kum'mawa n'kutulukira kumadzulo. Zinkauboola msituwo monga singano iboolera nsalu.

"Ndani amadutsa m'manda ndi mtsuko pamutu, mwanawe? Ndani amadulira m'manda popita kudimba? Apo ndi pakasupe. Imeneyo ndi mikuyu ndi katope. Tinkatunga pamenepo, tinkachapa pamenepo, ndipo ndinaswerapo mtsuko watsopano mpaka ndinagona ndi njala. Tsopano kwera kumtunda. Pita pachulu chakocho."

Ndinapita pakadontho kaja n'kukakuza mpaka mitengo inayamba kuoneka umodziumodzi. Ndipo ndinaona chimene ndinali nditachiyang'ana masiku awiri osachiona. Njira yochokera kumudzi kupita kumadimba inkabwera yowongoka ngati chingwe, koma ikayandikira kamsituko inkapatuka, n'kuzungulira patali, n'kukabwerera pamzere wake kutsogolo. Njira ya ng'ombe nayo inkapatuka. Mizere ya m'minda inkafika chapafupi n'kuima, kusiya mpata, ngati anthu amene aima mwaulemu pakhomo la eni ake. Mapazi onse a mudziwo, a zaka ndi zaka, a ana ndi a akulu, a oledzera omwe, ankapalambalala pamenepo. Njira imodzi yokha ndiyo inkalowa. Inali yotakata kuposa zonse, yoyera kuposa zonse, ndipo inkalowa osatulukira kwina.

"Yatakata chifukwa chiyani?" ndinafunsa, mawu ali pansi.

"Maliro amanyamulidwa ndi munthu mmodzi? Chithatha chimafuna amuna anayi, awiri uku, awiri uko, ndiye khamu pambuyo. Ndipo adzukulu ankailambula ndi makasu maliro alionse." Chala chinasuntha pang'ono. "Kanjira aka kochokera pakhomo pomwepo kutsikira kumtsinje, wakaona? Adzukulu akatha kukwirira sabwerera kumudzi ndi dothi la kumanda. Amayamba akasamba, n'kutsuka makasu. Zimenezi sanakuphunzitseni?"

Sanatiphunzitse. Kapena anatiphunzitsa, koma m'mawu ena, m'buku lina, limene silinandiuze kuti mwambo umasiya mapazi pansi, ndi kuti mapaziwo amaoneka kuchokera kumwamba. Ndinakumbukira lipoti la masamba awiri limene linali m'chikwama changa, lokongola, la ndime za manambala, limene likanatumiza katapila pachifuwa pa agogo anga ndi siginecha yanga pansi pake. Manyazi anali aakulu, sindikana. Koma pansi pa manyaziwo pankatumphuka chimwemwe chimene sindinathe kuchiletsa, chifukwa nkhokwe yonse ija inatsegukanso kachiwiri. Zithunzi za m'ndege zilipo mazana ndi mazana. M'chilichonse muli njira zolowa ndi njira zolambalala, muli akasupe, muli manda, muli midzi imene inafafanizidwa pansi koma ikadali m'mwamba. Dziko lonse linalembedwa ndi mapazi, ndipo ine ndinali nditangophunzira kumene chilembo choyamba.

Anthu awiri ankadikira kompyuta kumbuyo kwathu. Bambo Chimphepo, amene anali ataima chapafupi nthawi yonseyi magalasi ali pamphuno, anayang'ana wotchi n'kugogoda katatu.

"Ola lanu latha, a Chifuniro," anatero. "Tsopano likuyamba la mayiwa. Nawonso ndi munthu, analembetsa pakhomo. Inu mukhoza kuwagwirira mbewayo."

M'ola la aNankhoma ndinang'amba lipoti lija n'kulemba lina. Linali lalifupi, ndipo silinali lokongola kwenikweni. Pa umboni woyamba ndinalemba kuti chithunzi cha m'ndege nambala 117, Julaye 1962. Pa umboni wachiwiri ndinalemba kuti Enelesi Nankhoma, wobadwira ku Kakuyu mu 1953, amene analipo. Iwo sanachotse maso pagalasi. Ankangoyenda ndi chala m'mudzi mwawo, khomo ndi khomo, milomo ikugwedezeka, ngati munthu wopereka moni.

Lachinayi kuchidikha kunali mphepo. Akamvuluvulu ankadzuka, n'kuvina, n'kugwa. Kumadzulo, cha ku Zambia, mitambo inali itaunjikana bii, yoyamba chaka chino, koma pamutu pathu dzuwa linali ngwee. Bambo Kanyumbu anayala chithunzicho pabonati la galimoto yawo, n'kuchitsendereza ndi miyala inayi. Ndinali nditakonza mfundo khumi ndi ziwiri zoti ndinene, ndipo ndinaziyamba mwadongosolo, mawu ali okwera bwino. Ndili pa mfundo yachitatu ndinaona kuti sakundimvera. Anali atawerama, akutsata njira yotakata ija ndi nsonga ya cholembera, kuchokera pabwalo la mudzi, kudutsa m'minda, mpaka pamene inathera. Anatsatanso kanjira ka kumtsinje. Kenaka anaweramuka.

"Kwathu ku Dedza ndi chimodzimodzi," anatero. "Siyani mfundo zinazo, achemwali."

Anayeza ndi kachipangizo kawo kuchokera pathanthwe, anayezanso kuchokera pachigongono cha mtsinje, kenaka anayenda, ife tili pambuyo, mpaka pakati pa 41 ndi 42. Panalibe chilichonse. Dothi lofiira, mapesi ouma a chaka chatha, nyerere. Anaima chapatali pang'ono n'kuvula chisoti chawo cha pantchito, n'kuchigwira pachifuwa. Anati katapila salowa Lolemba. Anati pulani ikajambulidwanso, msewu ukhotere kumtunda, ndipo izi zitenga nthawi ndi makalata ambiri, koma pamenepa sipadzadutsa tayala. Anauza antchito awo atatu kuti azule zikhomo kuyambira 39 mpaka 44.

ANankhoma anagwada pafumbi, chitenje cha kutchalitchi chomwecho, n'kuomba m'manja mofatsa katatu.

"Amayi, ndine Enelesi," anatero. "Tachedwa, mutikhululukire. Ndabwera ndi mdzukulu wanu, mwana wa kakhanda kaja munandisiyira. Ndi wa digiri, koma amamva."

Ndinagwada nanenso, ngakhale kuti siketi yanga inali yositidwa m'mawa womwewo. Nditadzutsa mutu, antchito aja anali akubwerera kugalimoto, zikhomo zili pamapewa. Galimoto inali patsogolo pawo penipeni, ndipo panalibe mpanda, panalibe mtengo, panalibe amene anawauza kanthu. Koma woyamba atafika pafupi ndi pamene tinagwada anapatuka, wachiwiri anaponda m'mapazi mwake, wachitatu nayenso, ndipo pafumbi lofiira panatsala kanjira katsopano, kopyapyala, kokhota, kolambalala malo opanda kanthu.